Khadi la Nsanja Yogwa

Ganizo loti ndipite ku Joni tinalimanga awiri, ine ndi malemu mkazi wanga Tiyamike, titakhala pakhonde la nyumba ya lendi ku Kawale. Dipuloma yanga inali itagona m'sutikesi kuyambira tsiku lomwe ndinailandira. Iye ankasoka mayunifomu a ana asukulu, ndipo makina akewo ndiwo ankatidyetsa. Sanandikakamize. Anangoti, "Pitani mukayese, a Mada. Ine si shuga woti ndisungunuka ndi mvula."

Ndinakathera ku Cape Town, m'sitolo yogulitsa makandulo, lubani ndi timiyala tonyezimira. Mwini wake anali mayi wachikulire, dzina lake Marlene. Kuseri kwa sitoloyo kunali kachipinda komwe ankawerengera anthu makhadi otchedwa taroti. Ndi makhadi a zithunzi. Munthu amasankha osawaona, mayiyo n'kumuuza zomwe chithunzicho chikunena pa moyo wake. Ambiri obwera anali ovutika ndi chikondi. Ine ndinkasesa, kulongedza katundu ndi kukhala pakauntala. Ndinkawaona akulowa akuseka, n'kutuluka maso ali psuu. Mumtima ndinkati kuombeza ndi kuombeza basi, kaya kwa sing'anga kaya kwa mzungu, ndipo munthu wopemphera, wopita kusukulu, alibe nazo gawo.

Ndinkagona m'kanyumba ka malata ndi anyamata ena akwathu. Mphepo ya kumeneko simapuma. Pakutha pa mwezi ndinkatumiza ndalama, yotsala n'kugulira ufa ndi tikiti ya sitima. Chomwe ndinkayembekezera tsiku lonse chinali foni ya madzulo, yoonana nkhope. Tiyamike ankandionetsa nsalu yomwe wadula, kapena mphaka wa eni nyumba atagona pa makina. Ndinkaseka ngati ndili pakhonde paja.

Chaka chachiwiri chili mkati, foni yoonana nkhope inatha. Anati kamera yafa. Ndinatumiza ndalama ya foni ina, koma kamera sinadzuke. Mawu ake anafupika. Ndikafunsa, ankati watopa ndi ntchito. Masiku ena foni inkangoitana.

Kenako Gift, mmodzi wa anzanga a m'kanyumba muja, yemwe mlongo wake amakhala ku Kawale komweko, anandikokera panja.

"Aise, ukudziwa kuti alamu asamuka?"

"Asamukira kuti?"

"Kwa amayi awo ku Area 23. Makina, matiresi, zonse anakweza pa lole. Sisi anaona ndi maso."

"Ananenanso chiyani?"

"Basi zomwezo. Ine usandifunse zambiri, ndangokuuza ngati m'bale."

Kwathu mkazi akanyamula katundu kubwerera kwa amake osauza mwamuna, palibe amene amafunsa tanthauzo lake. Nditamuimbira, Tiyamike anavomera mosavuta. Anati lendi yakwera. Ndinati bwanji sunandiuze? Anati, "Ndimati ndikuuzani." Kumbuyo kwake ndinamva mawu a anthu ambiri, ena achimuna. Anadula foni.

M'mawa mwake ndinagwetsa bokosi la makandulo. Marlene sanakalipe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Madalitso, nkhope yako yafika kuno, koma iwe sunafike. Lowa ukhale pansi." Ndinalowa chifukwa anali bwana wanga. Ndimadziuza choncho mpaka lero.

Anayala makhadi chafufumimba pansalu yakuda, nati ndiganize za mkazi wanga ndi kutola limodzi. Nditalitembenuza ndinaona nsanja yaitali, yomangidwa pamwamba pa thanthwe. Mphezi inali itaomba denga lake, moto ukutuluka m'mazenera, anthu awiri akugwa chamutu. Kumwamba kunali bii.

"Ndiye kuti wandisiya?" ndinafunsa.

"Pa nkhani za chikondi, khadi ili limabwera pamene zinthu zatsala pang'ono kugwa mwadzidzidzi," anatero. "Nthawi zambiri ndi banja kutha. Nthawi zina ndi chobisika chomwe chatopa kubisala. Koma taona bwino. Akugwa ndi awiri, ndipo palibe amene wakankha mnzake. Moto wachokera kunja."

"Nanga munthu angatani?"

"Nsanjayo sungaigwire ndi manja. Chomwe ungasankhe ndi pomwe udzakhale utaima ikamagwa. Ndikanakhala iwe, ndikanapita kwathu."

Pa mawu onsewo ndinatola atatu okha: ndi banja kutha. Enawo ndinawasesa pamodzi ndi sera wa makandulo aja. Kupita kwathu kunkatanthauza kutaya ntchito, ndipo sindinafune kutsika basi ngati munthu wodzagwada pamaso pa mkazi yemwe wapeza wina.

M'malo mwake ndinachita zomwe mwambo umafuna. Ndinaimbira amalume anga a Kachingwe a ku Biwi, omwe anali ankhoswe a ukwati wathu, kuti akamve chomwe chavuta. Anapita. Atabwerako anandiuza mawu ochepa kwambiri.

"Ndawaona, mphwanga. Nkhani za banja sitikambira pafoni. Iwe gwira ntchito."

"Koma pali munthu wina, amalume?"

Anangobwereza kuti, "Gwira ntchito."

Ndinagwiradi ntchito. Ndinapezanso ganyu wa Loweruka ndi Lamlungu wotsuka magalimoto. Ndalama sindinasiye kutumiza, koma kuimba ndinachepetsa, ndipo ndikaimba ndinkalankhula ngati kalaliki wa m'ofesi. Iye ankayankha mofatsa, kupuma kwake kukumveka. Ndinkaganiza kuti ndi manyazi. Makhadi aja ndinkawapewa, komabe ndikamasesa kachipinda kaja maso ankathamangira pomwe ankasungidwa.

Foni ya amalume inandipeza ndili pakauntala.

"Madalitso, akazi ako matenda akula. Nyamuka lero."

Aliyense wakwathu amadziwa kuti munthu wakutali sauzidwa za maliro pafoni. Amauzidwa kuti matenda akula. Koma ine ndinali ndisanamvepo kuti pali matenda, ndiye ndinakakamira mawuwo monga analili. Ulendo wonse, kudutsa m'maiko a eni mpaka pachipata cha Dedza, ndinkakonza zokamuuza kuchipatala. Ndinamugulira ngakhale bulangeti lofewa pamalo ena pomwe basi inaima.

Ku Area 23, ndisanakhote kulowa m'kanjira ka kwa apongozi, ndinaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Woyendetsa kabaza yemwe anandinyamula anatsika n'kuyamba kukankha njinga. Anavula chipewa. Azibambo anali atakhala panja pa mabenchi a tchalitchi, azimayi akuimba m'nyumba. Palibe amene anadabwa kundiona. Munthu wina anandilandira chikwama, wina bulangeti lija.

Zinali impso. Zinayamba kufooka miyezi yambiri m'mbuyomo. Nkhope ndi miyendo zinatupa, n'chifukwa chake kamera inafa. Anasamuka chifukwa sankathanso kudzitungira madzi. Mawu achimuna aja anali a akuluampingo odzapemphera. Ndalama zomwe ndinkatumiza zinkathera kuchipatala. Anthu a ku Kawale ankadziwa, a kutchalitchi ankadziwa, mlongo wa Gift ankapita kukamuona ndi phala m'fulasiki.

Titaika maliro, anthu atabalalika, ndinakhala ndi apongozi ndi amalume kuseri kwa nyumba. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinalifunsa mwaulemu.

Apongozi anayang'ana pansi. "Bambo, ife tinkafuna kukuuzani. Mwini wake ndiye anakana."

Amalume anakonza kukhosi. "Tsiku lomwe unandituma lija ndinamuuza zonse. Ndinati mwamuna wako akuganiza kuti wapeza wina. Ndinati mwana wanga, dzina lako likuipa, ndilole ndimuuze zoona. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndiye anati, 'Asiyeni aganize choncho, amalume. Munthu wokwiya amadzuka n'kupita kuntchito. Wamantha amakwera basi. Akabwera, tidzangokhala awiri kuyang'anana, opanda ndi ya mankhwala yomwe.'"

Apongozi anawonjezera, ndipo m'mawu awo munali kunyadira pang'ono, kuti ngakhale ana a pamudzipo sanaulule.

Ku Joni sindinabwerere. Ndimakhala ku Biwi tsopano, ndimalemba mabuku a ndalama pa sitolo ya zipangizo zomangira ku Mchesi. Ndikamayenda m'njira anthu amandipatsa moni mwachifundo, ndipo ndi anthu abwino. Anaphika, anachezera, anasonkha, ananyamula bokosi. Ndili kutali ndinkaopa dziko la eni, kuti ndi komwe munthu sauzidwa zoona. Sindinkadziwa kuti kwathu anthu angagwirizane mudzi wonse, mwachikondi, kukusankhira chomwe ungathe kusenza. Mnzanga wina wa kuntchito ali ndi mng'ono wake ku Durban, ndipo amayi awo agonekedwa m'chipatala sabata ino. Dzulo anandiuza kuti mnyamatayo akufuna nambala yanga, n'kundipempha kuti akandiimbira ndisatchule kanthu. Ndinamuuza kuti asamupatse nambala yanga.