Miyezi iwiri ija yabweranso, amalume

Amalume a Saidi, uthenga uja wabweranso lero pa gulu la pafoni la banja lathu. Akuti usiku uno nyenyezi yofiira ija ikula ngati mwezi, kumwamba kukhala miyezi iwiri, tumizirani anthu khumi. Mawu ndi omwe aja, chaka sanalembe, wolemba sakudziwika. Ndakumbukira masana aja ku Makanjira, alovi anu, asodzi aja, atamva uthengawu n'kukana kukweza khoka la chilimira m'boti. Ankati miyezi iwiri iposa kuwala kwa nyali, ndiye usipa subwera. Nditakuonetsani uthengawo, munandibwezera foni musanamalize n'kuwerenga komwe. "Mwezi wa Idi timafuna mboni yoti yauona ndi maso," munatero. "Nanga iwiriyi waiona ndani?" Aloviwo anapita panyanja monyinyirika. Nyenyeziyo inangokhala kadontho monga mwa masiku onse, ndipo m'mawa usipa unadzaza pa thandala.

Chaka chatha foni yomweyi itandiuza kuti mwatisiya, nanenso ndinafunsa kuti wakuonani ndani. Ndinakwera lole ndikukanabe, mpaka ndinakuonani ndi maso anga atakukulungani mu sanda. Allah akukhululukireni, amalume. Mauthenga abodza onsewa, wanuwo wokha n'kukhala woona.