Tikiti Yotchipa Yochokera ku Granada

Ndinanyamuka ku Granada Lachinayi m'mawa, kuzizira kukulowa mpaka m'mafupa. Yunivesite yathu ya ku Cape Town inanditumiza ku Spain kukaphunzira teremu imodzi, ndipo ndinali nditangodutsa theka lake. Amalume, omwe amagwira ntchito ya m'gadeni ku Noordhoek, dera la ku Cape Town komweko, anali atandiimbira Lolemba: "Tadala, mayi ako akudwalika, ali m'chipatala. Bwera msanga."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Kwathu munthu wakutali sauzidwa maliro, kuopa kuti angakomoke panjira. Bambo atamwalira ku Ntcheu, amayi anaimbiridwa chimodzimodzi, nakwera basi akupempherera munthu amene anali kale m'bokosi. Choncho ndinalira Lolemba lomwelo mpaka maso kutupa, kenako ndinayamba kuganiza ngati mwana wachisamba. Matikiti analipo awiri, ina yonyamuka Lachiwiri nkufika mawa lake, ina ya Lachinayi yodikiritsa ku Istanbul, yotsika mtengo pafupifupi ndi theka. Kunyamula thupi kuchoka ku Cape Town mpaka ku Ntcheu si masewera. Ndinagula yotchipayo, nkuwauza amalume kuti ndifika Loweruka.

"Loweruka? Palibe ya msanga?"

"Malume, ndine wamkulu tsopano. Ndalama yotsalayo itithandiza pa ulendo wa kumudzi."

"Ulendo wanji iwe? Mayi ako ali moyo!"

"Apatseni foni ndiye."

"Ali ndi mapaipi kukamwa, alankhula bwanji?"

Ndinangoti zikomo. Mumtima ndinawayamikira amalume kuti mwambo akuugwira mwaluso.

Mayi Pilar, eni nyumba yomwe ndinkachita lendi, anandiperekeza kudepoti. Anandikulungira buledi ndi nyama youmitsa yokwana timu ya mpira, nandipsompsona masaya onse awiri, mwambo womwe ndinalephera kuuzolowera. Anandifunsa chifukwa chake sindinaimbire kuchipatala ndekha kuti ndimve kwa adokotala. Ndinawafotokozera m'Chisipanishi changa chotsimphina kuti kwathu zinthu sizichitika choncho, kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine ndamva kale. Anangopukusa mutu.

Basi ya ku Madrid inali mayuro makumi awiri. Njira yonse ndi mitengo ya maolivi, mizere yokhayokha mpaka kutopetsa maso. Pakati pa ulendo tinaima pomwera khofi, yemwe amabwera m'kakapu konga koyezera mankhwala a chifuwa. Mdala wina amene ndinakhala naye pampando anandifunsa komwe ndinkapita. Ndinati kumaliro a mayi anga. Anachita chizindikiro cha mtanda, nandipatsa lalanje, ndipo sanandivutenso mpaka ku Madrid.

Lachisanu lonse ndinalithera pabwalo la ndege la ku Istanbul. Malowo ndi aakulu ngati tauni, mashopu ali ng'aning'ani, koma kabotolo ka madzi mtengo wake ungagulire nkhuku ku Ntcheu. Ndinapeza mpando pakona, ndinadya buledi wa Mayi Pilar, ndikukonza m'mutu za bokosi, za galimoto, za amene adzalere mng'ono wanga. Kudikirako sikunandipweteke. Ndinkati womwalira sathamangira kulikonse.

Masana ndinawaimbira amalume. Foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha, mawu awo anali osasa.

"Akudwalikabe. Uyende bwino, mwana wanga."

Loweruka m'mawa tinatera ku Cape Town, mphepo ikuchita kukankha anthu. Ndinaitanitsa galimoto pa foni mpaka ku Wynberg, chifukwa kuti ikandifikitse pakhomo ikanandisiya chimanjamanja. Pa renki ya matakisi panali monga mwa masiku onse, makondakitala akukuwa "Fish Hoek! Fish Hoek!", azimayi akuluka tsitsi, utsi wa nyama yootcha uli tolo. Ndinagula shuga, tiyi ndi buledi wa anthu a pamaliro. Mayi wogulitsayo anali wakwathu, anandiyang'ana nkunena kuti, "Sisi, kuli bwino komwe mukupitako?" Ndinati kulibe bwino. Anandiwonjezera paketi ya makandulo osandilipiritsa.

Ku Fish Hoek ndinasintha takisi, chikwama ndili nacho pamiyendo, ndipo kondakitala anandilipiritsabe mipando iwiri. Nditatsika ku Masiphumelele, komwe amayi ankakhala, ndinalowa m'tinjira topanikizika ta pakati pa nyumba za malata, ndikulumpha madzi oipa. Ndisanafike ndinamva nyimbo ya amayi a mvano. Sindinadabwe. Ndinangoona kuti zonse zili monga ndinawerengera.

Amene anandichingamira ndi amake Fatuma, oyandikana nafe nyumba, omwe ankadikirira amayi kuchipatala. Anandilanda chikwama nkundikumbatira.

"Pepa mwanawe. Ukanangofulumirako pang'ono. Atisiya dzulo masana."

"Dzulo? Si Lolemba?"

"Lolemba lanji? Lachitatu anawachotsa mapaipi, anamwa ndi phala lomwe. Mawu ankatuluka movuta, koma anandifunsa kuti ndege yako ifika liti. Nditati Loweruka anati, ndiyesetsa."

Ndinakhala pansi pomwepo, shuga nkutayika m'dothi. Amalume anatuluka m'nyumba, chipewa chili m'manja, nagwada pafupi nane.

"Lachitatulo ndinakuimbira, Tadala."

Anaimbadi. Ndinali kuofesi ya yunivesite kutsanzika, ndinaiona foni ikuwala, nkuisiya. Ndinkati ndiwapumuze amalume ku ntchito yonama.

"Sabata yonseyi ndakunamiza kamodzi kokha," anatero. "Dzulo, uli panjira."

Sindinawakwiyire amalume, ngakhale mwambowo sindikuuda. Unapangidwa ndi anthu achifundo, kuti wapaulendo afike wamoyo. Koma anthu akazolowera kubisirana imfa, tsiku lonena zoona nalonso sawakhulupirira, ndipo ine ndinadziyesa wochenjera podziwa zimenezi. Zimandiwawa mpaka lero. Ndalama zomwe ndinapulumutsa pa tikiti zinagwiradi ntchito yake, zinakwanira bokosi labwino ndithu. Amayi anayesetsa mpaka Lachisanu masana, ine ndili pakona ku Istanbul, ndikudya buledi.