A Eveles ndi Amisiri a Kunsi kwa Mwala

Ku Nkhulambe tonse tinkatunga mumtsinje womwewo wotsika kuphiri, koma a Eveles okha ndiwo ankayamba atembenuza mwala asanamize ndowa. Tinkawaseka. Munthu wamkulu, wamvano ndithu, n'kumasuzumira kunsi kwa miyala ngati mwana wosaka nkhanu!

Ankayang'ana tizilombo tating'ono tonga mphutsi, timene timadzimangira tinyumba n'kumayenda nato m'madzi. Iwo ankati amenewo ndi amisiri. Ena amamata mchenga, ena amalumikiza tizitsotso, ena amadula masamba ovunda. Aliponso aulesi ongotchera kaukonde pamwala n'kumadikira chakudya chibwere chokha, ndipo amenewa ankati ndi abale a malemu amuna awo. Akawapeza amisiriwo, ankabwezera mwala mmene unalili n'kutunga. Akawasowa, ankakwera kumtunda, chifukwa amayi awo anawaphunzitsa kuti madzi amene amisiri athawamo munthu sapatsa mwana. Julius, mlimi wa tomato, atatsukira sipuleya yopopera mankhwala padooko, a Eveles anamulondola mpaka kudimba kwake, ndipo mawu amene anamva tsikulo akuwakumbukabe.

Kenaka kunabwera namondwe wa Freddy. Phiri linasanza miyala ndi matope. Nyumba ya a Eveles inapita, munda wa chinangwa umene anawasiyira amayi awo unakwiririka. Iwo anapulumuka, ndipo mwana wawo Jenifer, wamalonda a nandolo pa Migowi, anawatenga.

Pa Migowi sankasowa kanthu, koma ankangofota. Madzi a pamjigo ankati ndi amchere. Maso nawo anayamba kuchita nkhungu. Kukacha nyimbo inali imodzi: kwathu, kwathu. Jenifer ankakana, ndipo ine sindimuimba mlandu. Amene anaona zimene tinaona ife sangafune kuti mayi ake akagonenso m'tsinde mwa phiri lija.

Atatopa kukangana, anapangana. "Tiye tikatembenuze miyala," anatero a Eveles. "Ngati amisiri abwerera, ndiye kuti mtsinje wakhazikika, inenso ndibwerera. Tikakawasowa, sudzandimvanso ndikutchula Nkhulambe." Jenifer anavomera msanga, poti ankadziwa kuti mtsinjewo unasanduka msewu wa miyala yoyera mbee.

Anabwera m'chilimwe, ine n'kuwaperekeza. A Eveles anakwinya chitenje nalowa m'madzi. Poti maso sankawathandizanso, ankanyamula mwala n'kumausisita kunsi ndi chala. Uwu palibe, uwo palibe. Miyala yake inali yachilendo, yongogwa kumene kuphiri. Dzuwa linafika paliwombo, msana unayamba kuwawa, koma ankangosunthira kumtunda. Ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinayang'ana kumbali.

Jenifer ankatembenuza nawo mwamwambo chabe. Pansi pa mkuyu wina umene madzi anausiya, pomwe masamba amasonkhana, anatola mwala n'kuima chilili. Ndinali pafupi, ndinaona. Tinyumba ta mchenga tinali titamatirira pamenepo, tatitali ngati kamtengo ka machesi kothyoka, ndipo m'kena munkasuzumira kamutu kakuda. Anandiyang'ana ine. Anayang'ana amayi ake, amene anali atawerama chapatali osaona kanthu. Kungouponya m'madzi mwalawo, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo kunena zoona, ine sindikanamuulula.

"Jeni, uko kuli kanthu?" anafunsa a Eveles osadzutsa mutu. Mawu awo anali a munthu wogonja kale.

Jenifer anayenda m'madzimo atanyamula mwalawo ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu. Anagwira chala cha amayi ake n'kuchiika pa tinyumbato.

A Eveles anasisita pang'onopang'ono, osakanikiza.

"Ukanatha kuutaya, mwanangu," anatero.

"Ndinafunadi kuutaya, mayi." Jenifer anapukuta misozi ndi phewa. "Koma nyumbayo tikamangira kumtunda uko, kutali ndi madzi. Ndipo mitambo ikangoda, ndizibwera kudzakutengani, mufune musafune."