Kachingwe Kofiira ka Kamvuluvulu

Ankamutchula Sipanala, poti chitsulocho sichinkachoka m'thumba la ovolosi yake. Anayamba ndi kukonza mapampu a madzi, kenako mainjini a maboti. Imvi zinamupeza m'kashedi ka malata m'mbali mwa damu, akukonza njinga zamoto za pamadzi. Sanakwerepo ngakhale imodzi. Kusambira sankadziwa.

Katswiri wa pa damupo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, amene anthu ankamuti Kamvuluvulu. Ankathamangitsa njinga n'kukwera funde la boti, n'kutembenuzika nayo m'malere. Poyamba ankamuonerera asodzi okha. Kenako mwini malowo anakhoma mabenchi, anapachika zokuzira mawu, ndipo Loweruka lililonse anthu ankadzaza mpaka kumpanda.

Njinga iliyonse ili ndi kachingwe kofiira. Mbali ina amakowetsa pansi pa handulo, ina amamanga pamkono. Wokwera akagwa, kachingwe kamazuka, injini n'kuzima. Kuona kachingweko njinga isanalowe m'madzi inali ntchito ya Sipanala.

Koma maso a anthu sachedwa kukhuta. Mwini malo anati kutembenuzika wamba kwachoka m'fasho, oonerera akufuna munthu wosiya mahandulo ali m'malere, manja onse m'mwamba. Kamvuluvulu atayesa, kachingwe kanazuka, injini inazima, njinga inagwa ngati thumba la simenti. Anthu anamukuwiza. Mwini malo anamuuza kuti zikachitikanso, abweretsa wokwera wina.

Loweruka lotsatira Kamvuluvulu analowa m'kashedi muja atavala kale jekete yake yoyandamitsa, n'kuponya kachingwe patebulo, pakati pa mapulagi akale ndi chitini cha girizi.

"Alamu, kamangirireni pa handulo aka, kasakhalenso pamkono."

Sipanala anakana. Anati mlongo wake sanafike pa msinkhu wa umasiye, ndipo iye analibe malo ogonekapo ana a eni.

"Inu mumaopa ndi madzi a m'bafa omwe, mundiuza chiyani za damu? Anakukuwizanipo anthu, ana anu ali pomwepo?"

Sipanala anayang'ana pansi. Anamangirira. Anakwezanso moto wa injini kuti isafooke dzanja likachoka. Anagwira ntchitoyo mwaluso, monga ankagwirira ntchito zonse.

Ulendo woyamba zinatheka, mabenchi anachita kugwedezeka. Ulendo wachiwiri Kamvuluvulu anaphonya mahandulo n'kugwera m'madzi. Njinga sinazime. Handulo inali itapindikira kumanzere, choncho inazungulira yokha n'kubwerera pomwe mwini wake ankayandama. Inamugunda pamsana. Akumabenchi akumbuyo anaomba m'manja, ankayesa ndi mbali ya masewero. Sipanala anaima m'madzi ofika m'mawondo. Kupitirira apo sakanatha.

Anthu anali atajambula pa mafoni. Mwezi usanathe mwini malo anawonjezera mabenchi.

Kamvuluvulu sanayendenso. Amagona m'chipinda chakutsogolo, pomwe kale panali mipando. Mlongo wa Sipanala anafunsa funso limodzi lokha, kuti anamanga kachingweko ndani. Sipanala anayankha zoona. Mayiyo sanalire, sanatukwane. Anangoti mwamuna wakeyo ndi wolemera, yekha sangathe kumunyamula.

Ndiye m'mawa uliwonse, asanapite kukashedi, Sipanala amagogoda pakhomopo. Amamunyamula mlamu wake, amamusambitsa, amamutembenuza kuti zilonda zisayambe. Wodwalayo nthawi zina amamuseka kuti manja ake akununkha petulo. Mlongo wake wa Sipanala amamutsegulira chitseko, koma moni sampatsa.