Tambala pa Phiri la Soche

Tilipo anayi: ine, mwana wanga Yohane, bwenzi lake Tadala, ndi malemu mkazi wanga atanyamula tambala wa chinkhoswe. Tili pamwamba pa phiri la Soche. Pali zii, nyumba zitalizitali za m'tauni zaima kumunsi ngati chimanga. Yohane akugwada, mphete ili m'manja.

Ndikukuwa, ine amene mawu anga amamveka kutsidya kwa msika: "Iwe! Mbeta amafunsira patchire, popanda ankhoswe?" Koma m'kamwa mukutuluka nthenga zokhazokha. Mayi ake a Yohane akumasula tambala uja, ndipo tambalayo akuulukira kutauni.

Ndinadzuka: anali maloto. Nditamufotokozera, Yohane anati, "Bambo, kuphiriko tikwera awiri, ine ndi Tadala, Loweruka. Koma ankhoswe sanyamuka musanalankhule inu."