Nkhuni Zimene Zinafulumira

Nkhuni za pamaliro zimabwera anthu atayamba kulira. Zathu zinafika tisanadziwe kuti tafedwa.

Mwana wamkazi wa achemwali anga anali asanabwere kunyumba kuchokera dzulo lake. Tinkaganiza kuti wagona kutchalitchi ndi anzake a kwaya. M'mawa umenewo lole inaima pageti pathu ku Kafue Estates, dalaivala n'kuyamba kutsitsa zikuni.

"Ni za chani izi?" anafunsa achemwali.

"Banituma chabe, ba mayi. Bakamba ati ni za malilo."

"Malilo ya ndani?"

Anayang'ana nyumba yathu ili zii, anapukuta manja pathalauza, n'kuliza galimoto. Tinaseka kuti wasochera. Masana asodzi anapeza mtembo wa mwana wathu m'bango kumtsinje, khosi lili ndi mabala.

Loleyo inali ya bambo wina wa malole ambiri, ndipo mwana wake wamwamuna ndiye ankabwera kudzatenga mtsikana wathu pagalimoto ya magalasi akuda. Ine mnyamatayo sindinamukondepo. Ankapereka moni mogwada kwambiri, maso ali kwina. Funso langa linali limodzi: anamuuza ndani za maliro amene ife eni ake tinali tisanawamve?

Apolisi anamugwira, mlandu n'kupita kukhoti lalikulu ku Lusaka. Tinkapitako pa minibasi, ine ndi achemwali. Iwo sankafuna chipepeso. Ankangofuna kuti khoti linene poyera amene anapha mwana wawo.

Mnyamatayo analowa atavala suti, Baibulo m'manja, ngati wobwera kudzalalikira. Dalaivala uja anali ndi nsapato zatsopano, ndipo ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Analumbira kuti nkhuni anabweretsa mawa lake, uthenga wa maliro utamveka kale, monga amachitira anthu achifundo.

Itafika nthawi yanga ndinanena zonse mmene ndinaonera. Loya wa mnyamatayo anamwetulira, nafunsa kudzera mwa womasulira.

"Ba mayi, ngati munamuganizila, nkhuni zake munabweza?"

"Za pamalilo sitibweza."

"Manje zili kuti?"

Inali nyengo yozizira, anthu anachuluka pamaliro, azibambo ankagona panja. Ndani akanafunsa kuti chikuni ichi n'cha yani?

"Tinasonkha," ndinayankha.

"Munaotha moto wake?"

"Tinaotha."

Loyayo anakhala pansi. Ajaji anati mawu a anthu awiri ofedwa sangamangitse munthu popanda umboni wina, ndipo mnyamatayo anatuluka. Pakhonde anagwadira achemwali monga kale. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ukundiwawabe.

Anzathu a kutchalitchi amatitonthoza kuti mlandu suola. Kapena n'zoona. Chimene ndimaona ine n'chakuti achemwali anatsala ndi mtsikana mmodzi, ndipo lole ya nkhuni ikangochepetsa liwiro mumsewu wathu, amasiya chilichonse chimene agwira, n'kuyamba kumuitana dzina mpaka atavomera.