Majekete a ku Italy ndi Mbuzi Zanga

Ndikakumbukira agogo aamuna, bambo a mayi anga, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera ndi utsi wa makala a m'simbi, pakhonde la golosale ina pa Chonde pamene ankakhala ataluma mapini, phazi likupalasa, makina akulira mpaka minibasi za ku Limbe osamveka. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito kufakitale ina ku Blantyre, kusoka zovala zopita kunja, zamitengo yoti iwo sakanaikwanitsa ngakhale atasoka chaka chathunthu. Ankakonda kunena kuti malaya a mabwana a ku Ulaya amasokedwa ndi anthu a zigamba pamatako.

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita kusekondale, kwathu kunali mbuzi zitatu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mbuzizo ndiye fizi yanga. Ndiye kunatulukira a Bonifasi, mwana wa aneba athu, akuchokera ku Joni ndi chikwama chodzaza majekete, lililonse lili ndi chilembo pakhosi chonena kuti ndi la ubweya, losokedwa ku Italy. Munthu uja pakamwa! Anawauza amayi kuti akagulitsa mbuzi n'kutenga majeketewo, makalaliki a kuesiteti ya tiyi adzawalimbirana pakutha pamwezi, fizi n'kupezeka, mbuzi n'kubwerera m'khola. Amayi anakopeka, mpaka anauza wogula mbuzi kuti abwere Loweruka. Ine mtima unali m'mwamba, koma mwana ungatsutse amako?

Lachisanu amayi anatenga jekete limodzi kupita nalo kwa agogo, osati kukafunsa nzeru ayi, kukanyadira. Ndinawatsatira. Agogo chilembo chija sanachiyang'ane n'komwe. Anatembenuza jeketelo, n'kuyendetsa chikhadabo pamsoko, uku akupukusa mutu. Kenako anasolola kaulusi m'mphepete, anatsegula simbi n'kukagunditsa pakhala lamoto. Kaulusiko kanakhwinyata n'kusanduka kampira kakuda, fungo lake ngati jumbo yopsa kudzala. Anatifotokozera kuti ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lowauka ndipo umasanduka phulusa. Atakanda chilembo chija chinamatuka chokha, kani chinali chomata ndi guluu.

"Esinati mwana wanga," anatero agogo, "ukufuna kugulitsa sukulu ya mwanayu chifukwa cha jumbo?"

Amayi anatola jekete lija n'kunyamuka. Anabweza jeketelo tsiku lomwelo, a Bonifasi n'kumalalata kuti telala wapakhonde angadziwe chiyani za fashoni. Loweruka wogula mbuzi anabwerera chimanjamanja. Ine ndinathamangira kukhola n'kukumbatira tonde wonunkha uja, misozi ili mbwembwembwe, mtima uli m'malo. Sindikunama, ndinamupsompsona.

Mvula ya ku Mulanje sisunga chinsinsi. Amene anagula majeketewo, pofika Januwale utoto unali utasuluka, misoko itaphwasuka m'khwapa, ndipo a Bonifasi anali atabwerera kale ku Joni. Mwezi womwewo mbuzi zathu zinagulitsidwa pamsika wa Chinakanaka, ine ulendo wa ku Fomu 1.

Yunifolomu anandisokera agogo, yopanda chilembo chilichonse, ndipo ndivomere, ndinkachita nayo manyazi pakati pa anzanga ovala zogula m'sitolo. Lero ndine mphunzitsi, agogo anatisiya kalekale, koma siketi ija ikadali m'sutikesi mwanga. Ndinaivala zaka zinayi, mng'ono wanga zinayi, ndipo msoko wake sunamasukepo mpaka pano.